Masamba Odulidwa ndi Lezala

Talandira anayala makope atatu a buku limodzi pamphasa ndi kuwatsegula kumapeto. Onse ankathera pa tsamba 96, pakati pa chiganizo.

"Ili ndinalipeza ku Mtengowanthenga, awiriwa kwa mphunzitsi wina ku Mponela," anatero. "Poyamba ndinkati ndi chiswe. Koma chiswe sichidula mowongoka chonchi, amayi."

Mayi Abigail Chimphepo, mwana wa mlembi wa bukulo, anapitiriza kusenda mtedza.

"Mwakwera phiri lonseli kudzandifunsa za chiswe?"

Talandira ankasindikiza mabuku akale oiwalika m'kachipinda kake ku Mponela. Ili, lotchedwa Mudzi Wosanduka Miyala, linatuluka mu 1962, makope mazana asanu okha. Linkasimba za nthawi ya nkhondo za Angoni, pamene mayi wina woumba mbiya anasandutsa anthu a m'mudzi mwake miyala kuti adani awapitirire. Pa tsamba 96 adani anali atapita, mayiyo ataimirira yekha pakati pa miyalayo. Popanda mathero, Talandira sakanalisindikiza.

"Anawabweza anthu aja?" anafunsa.

"Inu mukuganiza bwanji?"

"Ndaganiza miyezi inayi. Mutu ukupweteka."

Mayi Abigail anaseka, kenaka anakankhira lichero pambali.

"Anadula ndi bambo anga eniake, ndi lezala. Akulu a mpingo anati m'bukumo munthu akudzutsa anthu, pamene wodzutsa ndi Mulungu yekha. Anawauza kuti asankhe, buku kapena Mgonero. Makope onse anali akadali m'nyumba muno. Anadula masabata awiri, ndipo sanalembenso kanthu mpaka kumwalira mu 1988."

"Masambawo anawotcha?"

"Anawotcha, akulu awiri akuonerera. Koma amayi anga sanali munthu wotaya chinthu."

Analowa m'nyumba nabwera ndi chitini chakale cha tiyi. Munali timapukusi ta mbewu ya fodya, tokulungidwa m'mapepala ofiirira. Talandira anaona nambala pakona ya pepala lina: 101. Anatambasula dzanja, koma mayiwo anatseka chitinicho.

"Fulumira adadya gaga, mwanawe. Mukasindikiza, anthu a kutchalitchi kwathu awerenga?"

"Awerenga. Ena adzalankhula."

"Adzalankhula ndithu. Ine ndine mkulu wa mpingo womwewo, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano."

Talandira anabweza dzanja lake. Kunsi kwa phiri kunamveka njinga yamoto ikulimbana ndi chitunda. Mayi Abigail anakhuthulira mbewuzo m'mbale, nawongola mapepalawo pabondo limodzilimodzi. Anakwana asanu ndi atatu.

"Akulu a mpingo ndiwo analamula kudula," anatero. "Mulembe kutsogolo kwa bukulo kuti mkulu wa mpingo ndiye wabweza. Dzina langa lonse, osafupikitsa."

Talandira anayamba kuwerenga tsamba 97 pomwepo.

"Mokweza," anatero mayiwo. "Ine sindinawerengepo, ndinkangoopa kumasula."