Mundigwire Mkono, Alamu

Anzake ankamutcha Chisalaza, chifukwa pakhoma limene wapenta iye simukanapeza mzere wa burashi ngakhale mutabwera ndi tochi. Anali atapenta nyumba za anthu zaka makumi awiri, ndipo ankayenda monyada nalo dzinalo.

Lolemba lina, iye ndi mlamu wake akuchotsa katundu kuti apente pabalaza pa dokotala wina wopuma ntchito, anatsitsa chithunzi cha dambo la udzu wouma, dzuwa likuswa mtengo. Dokotalayo anati anachijambula katswiri wina amene anamwalira kale. Chisalaza atachiyang'ana pafupi ananyansidwa: penti mabumamabuma, mizere ya burashi poyerayera. Koma atabwerera m'mbuyo pang'ono, udzu uja unawala mpaka kuthobwa m'maso. Anachita nsanje yeniyeni, ndipo analumbira kuti kuwala kumeneko akutulutsa ndi dzanja lake.

Ntchito inali yotha Lachisanu, ndipo pambuyo pake sakanachionanso chithunzicho. Choncho nthawi ya nkhomaliro ankachitsamiritsa pa makwerero n'kumachitengera pa thabwa ndi penti wotsala m'zitini. Mlamu wake ankamuseka kuti nkhalamba yayamba sukulu ya mkaka.

Lachiwiri dambo lake linatuluka ngati khoma la kuchipatala. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi ndi pamene anaona kuti mithunzi ya katswiri uja sinali yakuda ayi. Inali yabuluu, itagundana ndi chikasu osasakanikirana. Anayesa. Koma akangopaka, dzanja linkabwerera lokha kukasalaza, mitundu iwiri ija n'kusanduka matope obiriwira. Zinamuwawa kuzindikira kuti chomulepheretsa chinali luso lake lomwe.

Lachisanu anafika ndi thabwa latsopano, nkhope ili gwa.

"Alamu, ndikapaka kamodzi, mundigwire mkono. Ngakhale ndikutukwaneni, musanditaye."

Mlamuyo anaseka, koma anagwira. Chikasu, gwi. Buluu, gwi. Anatukwanidwadi kawiri, ulendo wachiwiriwo mpaka makolo ake analowamo. Anthu akuluakulu awiri analimbana choncho pabalaza pa mwini mpaka nkhomaliro inatha osadya.

Thabwa litadzaza, mlamu uja anataya mkono n'kuima patali. Kuseka kunali kutamuthera. Kenaka maso a ntchito anamubwerera, naloza pakona pamene penti anatundumuka moonekeratu.

"Apa pokha salazanipo."

Chisalaza anapaona. Zala zinamuyabwa mpaka m'chigongono. Anaponya burashi m'chitini cha parafini, n'kukhalira manja ake onse awiri.