Anthu Ozonda Maulidi

Chimfine chija chinafika ku Cape Town m'nyengo yozizira ya 2009, ndipo ine chinandipezera ntchito yoyenda khomo ndi khomo. Dzina langa ndine Viola. Ndinabadwira ku Mufakose, ku Harare, koma bambo anga anali a ku Zomba, ndipo kwathu mwana wopempha madzi m'Chishona ankagona ndi ludzu. N'chifukwa chake asisitala a pa kiliniki ina ku Gugulethu, atamva kuti ndimayankhula Chichewa, anandipatsa chikwama cha sopo ndi timasiki n'kunena kuti anthu a kwathuwo ndiziwauza ndine.

Uthenga wake sunali wovuta. Wodwala akhale pakhomo, azitseka pakamwa potsokomola, zenera lizikhala lotsegula, ndipo anthu asamaunjikane pamene wagona. Koposa zonse, mayi woyembekezera atalikirane ndi aliyense wotsokomola. Anthu ambiri chimfinecho chinkangowagoneka masiku ochepa n'kuwasiya, koma mayi wapakati chinkatha kumutenga pamodzi ndi mwana yemwe.

Azungu anachitcha chimfine cha nkhumba. Ndiye tangoganizani kulowa nayo nkhani imeneyo m'nyumba ya Msilamu wa ku Mangochi, mwezi wa Ramazani utangoyamba. "Ife sichikutikhudza, achemwali," ankatero mwaulemu kwambiri. "Pitani kwa odya kapado." Ndinkafotokoza mpaka kukhosi kuuma kuti chimfine sichifunsa munthu kuti wadyera ndiwo yanji.

Ndinkachita lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachiXhosa, ndipo moyang'anizana ndi kanyumba kanga kamalata munkakhala Maulidi ndi mkazi wake Shamsia. Maulidi ankasamalira maluwa a azungu ku Camps Bay, koma ntchito imene inamutchukitsa inali yozonda odwala. Munthu wa kumudzi akangodandaula mutu kulikonse mu Cape Town muno, Maulidi anali ali kale m'takisi ndi jumbo ya malalanje. Shamsia anali ndi pakati, mimba itakula ndithu. Yoyamba inapita padera chaka chapitacho, pamene anthu obwera tinkathamangitsidwa m'makomo n'kumagona pansi m'holo ya tchalitchi. Za imeneyo sankayankhula, koma ya tsopanoyi ankayenda ataigwira ndi manja awiri.

Tsono chimfine chinasankha Maulidi. Anabwera kuntchito thupi lili moto, mano akugundana. Ndinamukokera ku kiliniki iye akukanira kuti akamufunsa mapepala, koma asisitala anangomufunsa dzina ndi pamene pakuwawa. Anamupatsa mankhwala, n'kumuuza kuti akagone ndipo mkazi wake asamuyandikire. Tsiku lomwelo ndinasamutsira Shamsia m'kanyumba kanga. Ndinadziyamikira mumtima kuti ntchito ndimaitha. Ndinali nditaiwala kuti munthu amene wazonda tauni yonse, tauni yonse imabwera kudzamuzonda.

Mawa lake madzulo ndikuchokera koyenda, ndinapeza nsapato zitaunjikana pakhomo pa Maulidi ngati pa kaunjika. M'katimo amuna anali atathinana, mawondo kugundana, zenera atalitseka n'kutsekeranso mipata ndi nsanza kuti wodwala asazizidwe. Dzuwa litalowa anamasula swaumu, kusala kudya kwawo kuja, pamodzi, mbale imodzi, kapu imodzi ikuyenda dzanja ndi dzanja. Koma zimenezo zinali zochepa. Atatha kwa Maulidi, onse anadutsa pabwalo mwaulemu wawo wonse kubwera kwanga, kudzamupepesa mkazi wa wodwala. Shamsia anagwada ndi mimba yakeyo, kupereka moni wa padzanja kwa mmodzimmodzi, ketulo ili kale pamoto.

Ndinapsa mtima. "Maiwe! Anthu inu, mukuchokera pa bedi la wodwala kudzagwira munthu wapakati? Ndinamusamutsiranji nanga?"

Amene anandiyankha anali Che Jafar, mnzake wa Maulidi wogulitsa mafoni pa siteshoni. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Achemwali, sorry, koma inu mwakulira ku Halale. Kwathu sitizonda mwamuna n'kumudutsa mkazi ngati chitsa. Kodi ife ndi matenda?"

Mawu a ku Halalewo anandibaya, sindinama. Ku Harare ankatinena kuti ndife obwera, kuno a kwathu omwe akunditchula mlendo. Komabe ndinameza mate, poti Che Jafar sankanama kotheratu. Anthu amenewa sanabwere ndi nkhanza. Ena anali atagwira ntchito tsiku lonse ndi njala, n'kukwera matakisi awiri kuti adzangomuona mnzawo.

Atapita, ndinaima pakhomo pa Maulidi ndi masiki anga. Mwini wake anali gone chagada, bulangeti mpaka m'khosi, nkhope ikuwala ngati mkwati. Kudwala kumeneku kunkamukomera.

"Achimwene, auzeni anzanuwa ayambe asiya kubwera. Akubweretsa chimfine chanu kwa Shamsia."

"Ndiwabweze ine?" anatero, n'kutsokomola kwa nthawi. "A Viola, kuno ndi kutchire. Mayi anga ali ku Namwera. Ndikafa mawa, ondisambitsa ndi ondinyamula ndi omwewa. Munthu wobweza ozonda amadwala yekha ngati galu. Inuyo auzeni, si ndinu a boma?"

"Ine sandimvera. Akuti ndine wa ku Halale."

"Ndiye basi, Allah ndi amene amasunga."

Ndinachoka ndikung'ung'udza m'zinenero zitatu. Masiku otsatira ndinayesa nzeru zanga zonse. Ndinaika beseni ndi sopo pageti, iwo n'kumasamba onse m'madzi omwewo. Ndinagawa timasiki, iwo n'kumativula polowa poti kuyankhula ndi wodwala utabisa nkhope ndi mwano. Ndinamukhomera Shamsia m'nyumba popita kuntchito, koma akamva kugogoda ankatsegula zenera n'kutulutsa dzanja, manyazi atamugwira. Analeredwa kuti mlendo sabwezedwa, ndipo sikunali kwa ine kumulera kachiwiri.

Kenaka tinamva kuti Che Jafar agona, thupi lili moto. Tsiku lotsatira anagonanso wina mwa omwe anamwa tiyi kwathu kuja. Shamsia atamva anatsuka makapu onse ndi madzi otentha, kenaka anatuluka n'kukaima pakati pa bwalo, pamene mwamuna wake akanatha kumumva.

"Bambo," anaitana. Maulidi anasuzumira pazenera. "Ine alendo anu sindingawabweze, mukudziwa. Koma ndikufunseni. Woyamba uja ndinamutaya chifukwa cha anthu otida. Uyunso ndimutaye chifukwa cha anthu otikonda?"

Sanadikire yankho. Anabwerera m'nyumba n'kukhala pa bedi langa, misozi ili mbwembwembwe.

Lamlungu m'mawa kunabwera uthenga woti Che Fakihi anyamuka ku Somerset West. Amenewa anali amalume ake a Maulidi, mlongo wawo wa mayi ake, mmisiri womanga nyumba. Ndiwo anamubweretsa ku South Africa, ndiwo anamupezera ntchito, ndiwonso anali ankhoswe pa ukwati wake. Maulidi ankawaitana kuti a mjomba, ndipo akamayankhula nawo pa foni ankavula chisoti. Tonse tinkadziwa chimene chichitike. Akhala pa bedi la mphwawo, amugwira manja ndi kumuwerengera duwa, pemphero la Chisilamu, kenaka abwera kudzaika manja omwewo pamutu pa Shamsia. Amenewa ine sindikanawaletsa, ngakhale asisitala enieniwo sakanayerekeza.

Anafika masana kukuwaza kamvula, mkanjo woyera pansi pa chijasi chakuntchito, jumbo ya malalanje m'manja. Ine ndi Shamsia tinali pazenera langa. Anavula nsapato pakhomo pa Maulidi, n'kupereka salamu. Anakankha chitseko. Chitseko sichinatseguke.

"Maulidi! Chitsekochi chagwira dzimbiri?"

"Ayi, a mjomba." Anali Maulidi, kuseri kwa chitsekocho. "Ndachigwira ndine."

"Wachigwira ndiwe."

"Eya, a mjomba. Pepani. Musalowe."

Mayi mwini malo, amene ankaanula zovala, anaima ndi shati m'manja ngakhale Chichewa sankachimva.

"Wati chiyani? Mwina malungo akukubwebwetetsa."

"Sindikubwebweta, a mjomba. Matendawa ndi opatsirana, ndi serious. Jafar wagona, watengera muno. Mukalowa mutenga, mukatenga mukamupatsa Shamsia, ndipo a kuchipatala akuti munthu wapakati sapirira nawo. Kwa iyenso musalowe. Mundikalipire, mundimenye ndikachira, kumudzi mukanene zonse. Koma lero ayi."

Shamsia anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Che Fakihi anayang'ana chitseko, anayang'ana malalanje awo, anayang'ananso mapazi awo opanda nsapato pa simenti yonyowa. Ndinaona ndevu zikugwedera, ndipo ndinati basi, lero malata awa auluka.

"Ine," anatero pomaliza, "ndakwera sitima ndi njala, kuchokera ku Somerset, kudzaima panja ngati wogulitsa tomato."

"Pepani, a mjomba."

"Khala chete, ndikuganiza."

Anaganizadi. Kenaka anavala nsapato zawo, anakoka kreti ya zakumwa imene inali pafupi, n'kukhala pansi pa zenera la Maulidi. Anamufunsa mmene wagonera, ngati akudya, ngati akumwa mankhwala, n'kumukalipira chifukwa choyesa kusala kudya ali wodwala. Anawerenga duwa yawo mokweza kuti idutse malata. Atatha anandikodola.

"Inu ndinu a zaumoyo aja? Tafotokozani bwinobwino, ndimve ndi makutu anga."

Ndinafotokoza zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchitoyi munthu anandimvetsera mpaka kumapeto osanditchulira nkhumba. Anangogwedeza mutu, ananyamula kreti yawo n'kukaikhazika pakati penipeni pa geti.

Sipanapite nthawi, gulu la Lamlungu linatulukira, amuna ovala bwino ochokera mbali zonse za tauni. Patsogolo panali Che Hussen, telala wodziwika, munthu wamimba yake ndi ulemu wake. Anapereka salamu n'kufuna kulambalala kreti.

"Mukupita kuti?" anafunsa Che Fakihi.

"Kukamuona wodwala, akuluakulu."

"Mumamudziwa bwino wodwalayo?"

"Aa, Maulidi ndi m'bale wathu."

"M'bale wanu. Ine ndine mjomba wake. Mayi ake tinayamwa bere limodzi. Ndachokera ku Somerset, ndipo wandibweza pakhomo, nsapato nditavula kale. Tsono ngati wabweza ine, inu ndinu ndani?"

Che Hussen anabwerera m'mbuyo. Panalibe amene akanadandaula kuti wanyozedwa, poti wonyozedwa wamkulu anali atakhala pomwepo, ndipo ankaoneka kuti zikumukomera kwabasi.

"Malalanje siyani apa," anapitiriza. "Amene wabweretsa futali asiyenso. Mukuwe moni muli pomwepo, akumva, makutu sakudwala. Mukatero muzipita, ndipo aliyense amene ali ndi mkazi wapakati akamve kwa mayi awa zoyenera kuchita. Ndi a kwathu amenewa, a ku Zomba."

A ku Zomba! Ndinatsala pang'ono kuvina pamvula pomwepo. Amuna aja anandanda pa mpanda wa waya n'kumakuwa mmodzimmodzi, "Pepani Che Maulidi!" ndipo m'kanyumba muja munkachokera kamawu kosasa, "Zikomo, ndamva!" Mayi mwini malo anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anawabweretsera Che Fakihi ambulera. Shamsia naye ankaseka ndi misozi yomwe, atagwira mimba yake kuti isagwedezeke kwambiri.

Mdalayo anakhala pagetipo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo aliyense wobwera ankamuyambira nkhani ija pachiyambi, mtunda wa ku Somerset ukutalikirabe pa kufotokoza kulikonse. Asananyamuke anauza Che Hussen kuti nkhaniyi ikanenedwe ku mzikiti Lachisanu, ndipo inakanenedwadi. Kwa Che Jafar ndi kwa odwala ena anthu anayamba kusiya chakudya pakhomo ndi kukuwira panja.

Pochoka anabwera kufupi ndi khomo langa, koma anaima patali ndithu. Manja anali atawapinda kumbuyo ngati mwana wasukulu, kuopa kuti angaiwale n'kupereka moni. Shamsia anagwada m'kati mwa chitseko.

"Dzuka, mwana wanga, usavutike," anatero. "Mnyamata uyu chibadwire sanandikanizepo kanthu. Ndikati khala amakhala, ndikati dzuka amadzuka, mpaka ndinkadandaula kuti ndinakupatsa mwana woti uzimulera. Lero waopa za iwe kuposa mmene amandiopera ine. Gona mtima uli m'malo, uli ndi mwamuna."

Maulidi anachira, Che Jafar anachiranso, ndipo Shamsia sanatsokomole ngakhale kamodzi. Mwezi wa Okutobala ndinamuperekeza kuchipatala cha amayi, kunja kutayamba kufunda. Anabereka mwana wamkazi wonenepa, wolira mokweza moti anamwino ankaseka, ndipo anamutcha Hanan. Nditatuluka kukamuuza Maulidi, anangokhala pansi pakhonde pomwepo, pamaso pa anthu onse, n'kuyamba kulira ngati mwana. Ine, amene ndinkayenda ndi malamulo m'chikwama, ndinakhala naye pansi n'kumuthandiza kulirako.