Seveni Koloko ya Eni Ake

Pilira anafika pamaliro a mayi Clotilda chifunga chisanachoke m'minda ya kachewere. Sanali mbale wa banjalo. Anali mtsikana wa makompyuta amene analemba pulogalamu ya pa intaneti ya kachipatala kena kuseri kwa Bembeke, yotumiza uthenga pafoni kwa odwala oyenera kukwera galimoto yopita kwa madokotala aakulu ku Lilongwe. Galimotoyo inkapita kamodzi pamwezi, ndipo sinkadikira munthu.

Ulendo wapitawo inawasiya a Clotilda. Inanyamuka seveni koloko ndi odwala a pafupi, amene anamva nthawi pakamwa pa namwino. A Clotilda anatulukira eyiti, ali panjinga, amuna awo a Gerevazio akukankha. Namwino sanavutike n'kufunsa. "Nthawi yachikuda imeneyo, bambo. Dikirani mwezi wamawa." Chotupa cha m'mimba sichinadikire.

Dzana lake Pilira anali atapeza cholakwacho, ndipo chinali chake. Pamzere woyenera kulembapo kuti nthawi ndi ya ku Malawi, iye anasiyapo pambalambanda. Pulogalamu ukapanda kuiuza dziko imadzisankhira yokha, ndipo imasankha kwawo: nthawi ya kutsidya kwa nyanja, yotsalira maola awiri. Namwino atalemba seveni, iyo inayesa seveni ya eni ake, n'kuwonjezerapo mwaulemu maola awiri kuti a ku Dedza asasokonezeke. Pilira anakonza mzerewo madzi a tiyi asanawire, osauza munthu. Ndani akanamufunsa? Kuchedwa kwa munthu wa kumudzi sikufufuzidwa.

Koma mtima sunamuleke. Ndiye anali pano, chitenje chobwereka chikumuvuta m'chiuno, mantha akumuvuta koposa. Akaulula, ntchito yatha, ndipo dzina lake limveka mpaka kwawo ku Kaphuka.

Anthu atabwerako kumanda, Pilira anagwada pafupi ndi a Gerevazio, nanena kumene wachokera. Mkuluyo ndiye ankaliza belu la tchalitchi cha m'mudzimo kuyambira ali mnyamata, moti aphunzitsi ankatchera mawotchi awo pa iye.

"Mwachita bwino kubwera, mayi," anatero. "Azilamu anga sakundiyang'ana kumaso. Akuti ndinagonereza. Ine, Gerevazio, kugonereza! Anamwino akuti ndinawerenga molakwa. Mwina ndi zoona, masowa atha. Ndiye kuti ndamupha ndine."

Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kafoni komanga ndi mphira.

"Ana ndikuchita nawo manyazi. Inu ophunzira, tandiwerengereni. Palembedwa chiyani apa?"

Pilira analandira ndi manja awiri. Uthenga unali pomwepo, mawu amene anawasanja yekha, ndi "zikomo" wake kumapeto. Kunama kunali kosavuta: mkuluyo anali atakonzeka kale kusenza mlanduwo, monga ankasenzera zonse. Koma Pilira anati:

"Palembedwa naini koloko, bambo."

"Naini?"

"Naini. Inu munafika ola lathunthu nthawi isanakwane. Simunachedwe. Ndinalakwitsa ndine, pokonza makinawa. Sindinawauze kuti tili ku Malawi."

A Gerevazio sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anatenga foni ija, naiyang'anitsitsa ngati chithunzi cha munthu amene amuiwala dzina.

"Tinapumula pamlatho," anatero chapansipansi. "Ndinamuuza kuti, amayi, nthawi ilipo yambiri, tsikani muothereko dzuwa. Anaseka. Anati kukwatiwa ndi woliza belu n'kwabwino."

Kukhitchini azimayi anayambanso nyimbo. Pilira anadikira mawu omuthamangitsa, misozi ikudontha pachitenje cha eni ake. Koma mkuluyo anangomuweramira, nafunsa ngati munthu wofunadi kudziwa:

"Nanga mayi, inu amene mumazidziwa, maola awiriwo anapita kuti?"