Anamujambula Ali M'tulo

Ndiye pa zithunzi zonse zimene mwana wake anajambula ndi kamera ija anapatsidwa ndi a bungwe, anthuwa anasankha chimenechi — iye, mayi telala, atagona pa makina osokera, kukamwa kuli yasa, tepi yoyezera ili lende m'khosi — n'kuchikuza ngati chitseko, n'kuchipachika pakhoma la holo ya sukulu kuti aliyense wodutsa apukuse mutu.

Ndipo ankapukusadi. Bambo wina wa tayi anaima pambali pake, osazindikira kuti mwini nkhopeyo ndi yemweyu watchena ndi diresi yosita bwinoyu, n'kunena chapansipansi kuti, "Zomvetsa chisoni."

Chisoni cha chiyani? Tsiku limenelo anali atamaliza zovala za ukwati wathunthu, za mkwatibwi ndi operekeza omwe, yekha, akupalasa makina ndi miyendo yakeyi. Tulo timeneto tinali ta munthu amene wagwira ntchito, osati ta wopemphapempha, koma chithunzi sichinena zimenezo, chimangoonetsa penti yosupuka kukhoma ndi beseni lolandira madzi a denga lodontha — beseni limene akanadziwa akanalibisa, monga amachitira kukabwera alendo.

Kapena mwanayo ankabwezera? Paja tsiku limene anafika nayo kamerayo, ataifungatira ngati khanda, iye anamulandira ndi mawu akuti kamera sadya, bola akanakupatsa nsapato. Ndipo sananame, nsapatozo n'zong'ambikabe mpaka lero, angabwereze mawuwo pamaso pa aliyense muno — komabe, komabe mtsikana uyu, amene chichokereni bambo ake ankangoyankha ndi mapewa, amene ankayenda chokhulira khoma ngati wobwereka malo m'nyumba ya kwawo, masiku ano amalamula akuluakulu kuti sunthirani uku, musagwedere, iwo n'kusunthadi. Apa ndi pamene pankamuwawa kwenikweni: iye ananyengerera, anakalipa, anamusokera siketi yatsopano, mwana du, koma kabokosi ka anthu osamudziwa n'komwe kanamutsegula pakamwa, ndiye tsopano mayi wake ayenera kuwomba m'manja.

Ayi, sawomba.

Mtsikana wa bungwe anafika akumwetulira, mutu ataupendeketsa ngati wodzazonda wodwala.

"Ndinu muli apayu, eti mayi? Tiuzeniko, kamerayi yasintha moyo wa mwana wanu?"

"Mufunseni mwini wake, pakamwa ali napo," anayankha. "Koma ineyo munandipempha musanandipachike pakhoma?"

Kumwetulira kuja kunazilala. "Pepani mayi... anasankha yekha mwana wanuyo. Tinkafuna china, iye anakana."

Anasankha yekha. Anatembenukiranso ku chithunzicho akufuna kupeza pamene pabisala chipongwe, koma chimene anaona n'chakuti kuwala konse kwa pawindo kwagwera padzanja lake, dzanja logwirabe nsalu ngakhale m'tulo. Ndiye kuti mwanayo anaima pamenepo nthawi yaitali, akumuyang'ana, iye osadziwa — ndipo ndi liti pamene iye anamuyang'anapo mwanayo nthawi yaitali choncho, osafuna kum'tuma?

Anam'funafuna m'chigulumo. Anamupeza kutsidya kwa holo, pafupi ndi khomo, kamera ili kale kumaso, yaloza iye.

Dzanja lake linanyamuka lokha kuti adziphimbe kumaso ndi chikwama, koma analibweza. Anaima nji kutsogolo kwa chithunzi chake, chibwano m'mwamba, milomo atatseka, osamwetulira. Diso limodzi la mwanayo linali kuseri kwa galasi. Linalo linali lotsegula, likumuyang'ana osaphethira, osapepesa, ndipo chala chinali pabatani, chisanadine.