Penti Yofiira pa Khoma la Mzee Shomvi

Ndine ndinawabweretsa ana a payunivesite aja, sindikana. Kwathu kuno anthu safuna mlendo wonyamula mapepala, koma ine, monga mjumbe woyang'anira nyumba khumi, ndinayenda khomo ndi khomo ndikuwauza kuti: "Awa akuphunzira za madzi osefukira. Akayeza pamene madzi amafika, tikumba nawo ngalande." Anthu anatsegula zitseko chifukwa cha nkhope yanga.

Lachisanu ndinapita kumaliro ku Kibaha. Loweruka m'mawa nditatsika minibasi ya daladala, palibe anandipatsa moni. Bi Tatu wogulitsa vitumbua anangondilozera khoma lake ndi mlomo. Panali X wamkulu wofiira, penti ikununkhabe. Nyumba yotsatira chimodzimodzi, mpaka kumtsinje. Mumzinda wa Dar muno ndi mwana yemwe amadziwa kuti X wofiira akalembedwa, chigalimoto chogumula nyumba chili m'njira.

Ndinaimbira Gaudensia, mtsogoleri wa ophunzirawo.

"Iwe mwana, mwalemba chiyani pamakoma a anthu?"

"N'chizindikiro chabe, mama. Kuti tisabwereze nyumba imene tayeza kale."

"Kwanu n'kuti kodi?"

"Kumudzi, ku Bukoba."

"Zikuoneka. Bwera pompano, unyamule laimu."

Apo ndinakumbuka Mzee Shomvi, mantha n'kundigwira. Mkuluyu aboma anamugumulirapo nyumba kale, malata ake onse n'kupindikira pansi pa njerwa. Ndinathamanga, chitenje m'manja, wamkulu ngati ine.

Ndinachedwa. Malata anali ataunjikidwa pabwalo, denga latsala mitengo yokha. Mkazi wake wodwala anali gone pamatiresi m'nyumba yopanda denga, ndipo kumwamba kunali kutada bii.

"Mzee, tsikani. Palibe akugumula, ndi ana asukulu alakwitsa."

Anandiyang'ana ali pamakwerero. "Ulendo ujanso anatero, Mwajuma. Pano ndati malata okha ndipulumutse."

Gaudensia anafika wefuwefu, ndowa ya laimu ili m'manja. Anagwada, kupepesa, n'kuyamba kupaka khoma misozi ili mbwembwembwe. Mzee anamusiya mpaka X atafufutika.

"Wapaka bwino, mwanangu," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Uyu sindimudziwa. Chitseko ndinatsegulira iwe."

Ndinangowerama n'kunyamula lata limodzi, lolemera, mabowo a misomali ali gwaa kundiyang'ana. Ndisanafike nalo pamakwerero, mvula inayamba kudontha pamatiresi paja.