Nambala Yachilendo

Ku ofesi kwathu timamutcha Kadzidzi, chifukwa tulo iye anasiyana nato kalekale. Ntchito yathu ndi yothamangitsa akuba a pa intaneti akalowa m'makompyuta a kampani, ndipo ine ndine mkulu wa gululi, udindo umene umangotanthauza kuti zikavuta woyamba kukalipiridwa ndine.

Mwezi wina akubawo anatikhalira pakhosi. Tikatseka uku, atulukira uko. Enafe tinkasinthana kupuma, koma Kadzidzi ayi. Foni ya alamu, imene imalira akuba akangogogoda penapake, inakhazikika m'thumba mwake ngati anabadwa nayo. Ndikati andipatse, ankangoti, "Ndili bwinobwino, abwana." Bwinobwino wakeyo anali maso ofiira psu ndi makapu a khofi wozizira atandanda pa desiki. Wina akagwetsa supuni, iye n'kudzambatuka pampando. Anzake ankaseka, koma ine zinkandimvetsa chisoni.

Tsiku lina masana anabwera kwa ine atanyamula foni yakeyake.

"Abwana, taonani pomwe afika anthuwa. Tsopano akulowerera banja langa."

Pa foniyo panali uthenga wochokera pa nambala yachilendo: "Achimwene, ndine mlongo wanu. Foni yanga yathima, ndabwereka iyi. Amayi agwa, tili kuchipatala. Bwerani msanga." Pansi pake panali linki yosonyeza malo.

"Mwaona?" anatero, akuwerenga ndi zala. "Nambala yosadziwika, nkhani yoopsa, kukufulumizitsa, kenako kalinki. Zomwe zija timaphunzitsa anthu kuti asazikhulupirire. Ndaibuloka."

"Wafika liti uthengawu?"

"M'mawa."

"Nanga mwayesa kuwaimbira amayi kapena mlongo wanu pa nambala zawo?"

Anali asanayese n'komwe. Limenelo ndiye lamulo loyamba pa ntchito yathu: ukakayika, funsa mwini wake kudzera njira ina. Iye yemweyo ndi amene amaliphunzitsa antchito atsopano. Koma mutu ukatopa umangoona adani basi.

Anaimba ya mlongo wake, yosapezeka. Ya amayi inangolira osayankhidwa. Ndinatenga foni ya pa desiki n'kuimba nambala yachilendoyo, mawu ndinaika pokweza. Anayankha mayi wina amene ankadwazika pa bedi loyandikana ndi la amayi ake, kenako anapatsira mlongo uja.

"Alipo achimwenewo?" Mawu ake anali osasa ndi kulira. "Chiyambire m'mawa ndikuwafuna. Amayi akatsegula maso akungofunsa za iwo. Ndiwauze kuti chiyani ine?"

Kadzidzi anakhala pansi, pasimenti penipeni, manja kumutu.

"Ndawabuloka amayi anga," ananong'ona.

"Mwabuloka nambala. Dzukani, tiyeni."

Ndinamutenga pa galimoto yanga. M'njira monse dzanja lake linali pa thumba la foni ya alamu. Pa geti la chipatala ndinatambasula dzanja.

"Nanga akuba akalowanso?" anafunsa.

"Akalowa atipeza. Enafe mumatiyesa maluwa a mu ofesi?"

Anaitulutsa pang'onopang'ono n'kundipatsa. Inali yofunda.

Mu wodi, mlongo wake anaimirira mawu ali kale pakamwa. Atamuona mmene analili, anawameza. Amayi anali chogona, bandeji pamutu, diripi kudzanja. Adokotala anali atanena kuti ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo choopsa chadutsa.

Kadzidzi anagwada pafupi ndi bedi. "Amayi, pepani. Ndimayesa ndi akuba."

Amayiwo sanafunse kuti akuba ati. Anamuyang'anitsitsa nkhope, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndinu abwana ake?"

"Eya, mayi."

"Ndiye mwana wanga mwamutani? Wodwala pano ndani, ine kapena iyeyu?"

Manyazi anandigwira. Iwo anadzikoka movutikira kusunthira kukhoma, chingwe cha diripi chikugwedezeka, n'kusiya kampata m'mphepete mwa bedi.

"Iwe, ika mutu apa."

"Amayi, anamwino akalipa."

"Akalipire ine."

Anakokera mpando pafupi n'kutsamira mutu pa kampatako. Amayi anaika dzanja lawo la diripi pa tsitsi lake. Mlongo wake asanamalize kundifotokozera mmene amayiwo anagwera, Kadzidzi anali akuliza mkonono.

Nthawi yomweyo foni ya alamu inayamba kunjenjemera m'chikwama changa. Amayi anandilozera chitseko ndi maso. Ndinatuluka monyang'ama, kukayankhira panja.