Mota ya pa Dzanja la Loboti

Ntchito yanga pa timu ya maloboti ya kusukulu kwa mwana wanga ndi yosoka. Ndimasoka nsalu zokutira mabampa, zotchinga za m'mbali mwa loboti, ina yofiira ina yabuluu, ndipo pa tsiku la mpikisano ndimakhala pakampando pakona ya malo athu okonzera, fulasiki ya khofi pambali, masangweji m'chikwama. Za mawaya sindizidziwa. Ndimangoona zimene ana akuchita, ndipo nthawi zina ndimawapempherera chamumtima.

Zaka zonsezi tinkapita ku mpikisano umodzi wokha, wa chigawo chonse, m'chibwalo chachikulu cha mumzinda. Kumeneko nkhani inali yachidule: ukapambana umapita patsogolo, ukagonja umabwerera kwanu mpaka chaka chamawa. Chaka chino anatisinthira. Tsopano timachita mipikisano iwiri ing'onoing'ono ya m'maboma, m'maholo a masewera a sukulu zoyandikana nafe, ndipo chilichonse chimene timu yachita chimasanduka mapointi. Matimu a mapointi ambiri ndiwo amapita ku mpikisano waukulu wa mu Epulo.

Aphunzitsi athu, a Wojcik, kachitidwe katsopanoka sanakakonde. "Kale loboti inkapambana kapena kugonja," ankatero. "Lero ikuchita kuwerengera ngati ili kubanki."

"Ndi masamu, aphunzitsi," mwana wanga Linnea ankawayankha. "Si inu nomwe mumatiphunzitsa masamu?"

"M'kalasi, iwe. Kuno ndimabwera kudzapuma."

Linnea ndiye woyendetsa loboti yathu, ndipo chino ndi chaka chake chomaliza kusekondale. Ku mpikisano waukulu sanafikeko chiyambire. Titafika pa mpikisano wachiwiri, m'tauni ya ku tsidya la mtsinje, tinkangoperewera pang'ono pa mapointi ofunika.

Loweruka masana, matimu apamwamba anayamba kusankha anzawo oti apange nawo magulu a atatuatatu a ndime ya chipulula. Tinamvetsera mayina onse mpaka kumapeto. Lathu silinatchulidwe. A Wojcik anatenga sipanala n'kuyamba kumasula bampa, monga ankachitira chaka ndi chaka.

"Musakhudze, aphunzitsi," anatero Linnea. "Mwa osasankhidwa onse, ife ndife oyamba pamzere. Loboti ya wina ikafa, aitana ife."

"Lamulo limenelo n'lakale. Ndani anadikirapo zimenezo?"

"Kale kunalibe chodikirira, pokhapokha utenge chikho. Pano tikangolowa n'kupambana masewera angapo, mapointi akwana."

A Wojcik anamuyang'ana, kenako anabwezera bawuti pamalo pake. Anaika batire latsopano, naika mabampa onse awiri pafupi, popeza sitinkadziwa mtundu umene tidzavale. Ndiye tinakhala pansi kudikira.

Apa m'pamene ndinapeza kuti sindikudziwa kapemphereredwe kake. Ndikapempha kuti mwana wanga aitanidwe, ndiye kuti ndikupempha kuti loboti ya mwana wa mayi wina ithyoke. Ndinalitembenuza pempherolo uku ndi uku ngati nsalu yosadulidwa bwino, koma silinakhale. Mapeto ake ndinangoti, Ambuye, mukuona nokha, n'kuthira khofi.

Pali mwambo wina m'mipikisano imeneyi umene ndimaukonda kuposa maloboti enieniwo. Timu ikasowa chitsulo, imakauza wolengeza, iye n'kunena pa chokuzira mawu, ndipo amene ali nacho amapita nacho. Timu yathu imadziwika ndi zimenezo. Poti nthawi zambiri tinkatuluka msanga, a Wojcik anazolowera kutsegula mabokosi athu onse masana a tsiku lomaliza, ndipo pakasowa china ankachotsa ngakhale pa loboti yathu.

Masewera achipulula ali mkati, wolengeza uja anati timu ya Akadzidzi ikufuna mota ya dzanja lonyamulira mipira, natchula mtundu wake. Akadzidziwo anali oyandikana nafe, mpata wa tebulo limodzi. Mawu asanathe n'komwe, a Wojcik anali ataimirira kale, dzanja m'mwamba.

"Tili nayo ife kuno."

Mawu awo ndi a munthu wozolowera kulankhula m'kalasi ya ana aphokoso, choncho mzere wonse unamva. Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono. Ndinaona nkhope yawo pamene ankakumbukira zinthu ziwiri: kuti mota ya mtundu umenewo tinali nayo imodzi yokha, yomangidwa pa loboti yathu, ndiponso kuti loboti ya Akadzidzi ikapanda kudzuka, oitanidwa tikhala ife.

Mtsikana wa timu ija anafika akuthamanga, magalasi oteteza maso ali pamphumi, manja akuda ndi girisi. Dzina lake ndi Noor. M'mawa anali atabwereka tepi kwa ife n'kubweza ndi maswiti awiri pamwamba. Anaona bokosi lathu la zotsala, naona loboti yathu ili chilili ndi batire, ndipo anazindikira yekha.

"Aa, ndinu oyamba pamzere," anatero. "Pepani, sindimadziwa. Tifunsa kwina."

"Kwina kuti?" Linnea anafunsa.

"Tazungulira kale holo yonse. Koma zisakuvute, mnzanga. Inenso ndikanakhala iwe ndikanakhala phee."

A Wojcik anavula chipewa. "Linnea, pakamwa panga pathamanga. Ndayankha ngati tili ku chigawo. Chaka n'chako ichi, unene ndiwe. Ukakana palibe angakudzudzule, ndipo ine ndikapepesa ndekha."

Ine ndinali nditagwira singano yopanda ulusi. Mwana wangayu ndimamudziwa pa zinthu zambiri, koma apa sindinadziwe chimene achite, ndipo ndinadabwa kuona kuti mantha anga anali ochepa kuposa chidwi.

Linnea sanayang'ane aliyense wa ife. Anafunsa Noor kuti, "Yapsa, kapena ndi waya chabe?"

"Yapsa. Inunkhize wekha."

"Mwaiotcha bwanji? Ife yathu sitenthako n'komwe."

"Woyendetsa wathu amakankha dzanja pakhoma ngati akufuna kugwetsa holo."

"Magiya anu ndi otani?"

Noor anamuuza. Linnea anaseka pang'ono. "N'chifukwa chake. Mwaipatsa katundu wa bulu. Mukaika yathu osasintha malire a magetsi, nayonso muiotcha."

"Sitidziwa posinthira pake. Amene analemba pulogalamu ali kunyumba ndi chimfine."

Mwana wanga anayang'ana dzanja la loboti yathu, limene analimanga yekha m'nyengo yonse yozizira. Kenako anatambasula dzanja lake kwa aphunzitsi osatembenuka.

"Sipanala ija."

"Watsimikiza?"

"Aphunzitsi, nthawi ikutha. Mukalankhulanso ndisintha maganizo."

Anagwada awiriwo, mphunzitsi ndi mwana wa sukulu, wina kugwira wina kumasula. Noor anaima pambali manja ali m'khosi, ndiye ndinamupatsa sangweji, poti sindinaone china chimene ndikanachita. Anaidya osadziwa kuti akudya. Mota itatuluka, Linnea sanaipereke m'manja. Anapita nayo yekha ku tebulo la Akadzidzi, ndipo ndinamuona atawerama pa kompyuta yawo, ana a timu ina atamuzungulira. A Wojcik anapita kukauza oyang'anira kuti atichotse pamzere.

Tinakaonera masewerawo pa mabenchi a m'mwamba. Dzanja la Akadzidzi linakwera n'kutsika bwinobwino, ndipo nthawi iliyonse likakwera, chala cha Linnea chinkasuntha pa bondo lake ngati akuliyendetsa ndiye. Gulu lawo linafika mpaka ndime yomaliza n'kugonja kumeneko, koma mapointi awo anakwana. Athu sanakwane. Tsiku lonselo palibenso loboti ina imene inafa, moti timu yachiwiri pamzere nayonso sinaitanidwe.

Tikukweza katundu m'ngolo yokokedwa ndi galimoto panja, chipale chofewa chikusungunuka m'mbali mwa msewu, Noor anabwera ndi sipanala m'manja.

"Ndabwera kudzafunsa," anatero. "Mota ija tiimasule pano, kapena tingaisunge mpaka Epulo?"

"Isungeni," Linnea anayankha. "Ife tiigwiritsa ntchito yanji? Koma umuuze woyendetsa wanu uja kuti khoma silinamulakwire."

"Ukamuuze wekha mu Epulo. M'basi mwathu muli malo, ndipo wa pulogalamu uja sitimukhulupiriranso."

Linnea anati aganiza. Sanavomere, sanakane.

M'galimoto pobwerera anatsamira zenera, ndipo ndinaona kuti akulira mwakachetechete. Ndinangowonjezera kutentha kumbali yake. Titawoloka mlatho anapukuta maso ndi mkono wa juzi.

"Amayi, kodi tikanakhala ku mpikisano wa chigawo uja, bwenzi zikundipweteka chonchi?"

"Sindikudziwa, mwanangu. Mwina ayi. Kumeneko munkapereka zimene simunkazifunanso."

Anagwedeza mutu. Patapita kanthawi anafunsa ngati ndinganyamulenso khofi mu Epulo, chifukwa khofi wa Akadzidzi, anati, ndi madzi enieni.